Mutu 7: Khomo Lachitatu

1. Waya wabuluu

Tangoganizani. Pa mishoni ina m'boma la Chiradzulu panali waya wabuluu umene unkachoka kuchipatala, kudutsa pansi pa msewu ndi m'mbali mwa bwalo la mpira, n'kukatulukira kusukulu ya sekondale. Waya umenewo ndiwo unkabweretsa intaneti kusukuluko. Lachinayi lina m'chaka cha 2007, dzuwa lili pamutu, munthu wina anauzula. Kodi mukuganiza kuti anali ndani? Wakuba? Mkulu wa chipatala? Kapena mwana wosewera? Sungani yankho lanu, tione kaye mmene wayawo unabwerera.

Tsiku limene waya unalumikizidwa, a Sisitere Veronika, omwe ankayang'anira chipatala, anabwera pamzere wa m'mawa wa kusukuluko. Anali aafupi, oyenda mofulumira, ndipo sankafuna chimkuzamawu kuti amveke.

"Ana anga, tcherani khutu," anatero. "Intaneti iyi si yanga, si ya aphunzitsi anu. Anthu akufuna kwabwino anaigulira odwala. M'makompyuta a kuchipatala muli mndandanda wa mankhwala amene munthu aliyense akumwa, muli zotsatira za magazi. Pali amayi amene amachoka ku Nchema kusanache, wapansi, mwana ali kumsana, ndipo ayenera kubwerera dzuwa lisanalowe. Ine ndakubwerekani waya chifukwa ndikufuna muphunzire. Koma tsiku limene zinthu zanu zidzalowe kuchipatala n'kuchedwetsa ntchito ya odwala, sindidzaitanitsa msonkhano ayi. Ndidzatenga wayawo, ndidzaupinda, n'kuutsekera m'kabati mwanga. Mudzabwerera ku choko ndi bolodi. Mwamva?"

"Tamva, Asisitere!" sukulu yonse inayankha.

Amene anayankha mokweza kuposa onse anali Maluwa, mtsikana wa Fomu 4, wapampando wa kalabu ya makompyuta. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, kumene makolo ake ankalima nandolo ndi mbatata. Kompyuta anaigwira koyamba ali Fomu 2, ndipo kuyambira pamenepo zala zake sizinapumenso.

2. Botolo lokakamira m'mwamba

Sukuluyo inalibe chipinda choyeseramo za sayansi, koma mayeso a boma ankayandikira. Ndiye a Mikaele, mphunzitsi wa sayansi, anapita ku Blantyre kwa mnzawo n'kujambulitsa kanema woonetsa mmene amasakanizira mankhwala m'mabotolo. Atabwera naye, anamuika mu kompyuta yaikulu kuti a Fomu 4 onse aonere nthawi imodzi, ena m'chipinda cha makompyuta, ena m'laibulale.

Aliyense anadina batani. Pa sikirini panaoneka dzanja la a Mikaele litanyamula botolo la asidi. Dzanjalo linapendeketsa botolo pang'ono, kenaka linauma m'mwamba momwemo.

Anadikira. Botolo silinasunthe.

"Sala, asidi ameneyu adzatsika chaka cha mawa," anatero Abbas, mnyamata wamtali amene sankalola ola kudutsa popanda nthabwala. "Tidzamuonera tikubwereza kalasi."

Onse anaseka, koma a Mikaele sanaseke.

Loweruka kunabwera a Benedict. Iwowa anaphunzira pasukulu yomweyo kalekale, ndipo tsopano ankagwira ntchito yokonza makompyuta ku Limbe. Ankakwera minibasi Loweruka lililonse kudzathandiza kalabu. Maluwa anawafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana.

A Benedict anatsegula kabati ndi kuloza rauta, kabokosi kakuda kamene kamalondolera uthenga wa makompyuta njira yoti udzere. Kumbuyo kwake kunali makomo atatu olowetsamo mawaya.

"Khomo loyamba likupita m'chipinda chino," anatero. "Lachiwiri likupita kulaibulale. Lachitatu, la waya wabuluu, likupita kuchipatala. Tsono vuto lanu ndi ili. Kompyuta iliyonse ikuitanitsa kanema wakewake. Zili ngati a Mikaele aziphunzitsa phunziro lomwelo kwa mwana mmodzimmodzi. Angathe?"

"Angafe ndi ludzu," anatero Maluwa.

"Eya. Ndiye tiphunzitsa rautayi njira ina, yotchedwa malitikasiti. Kompyuta yaikulu izitulutsa kanema mmodzi yekha, n'kumupatsa nambala ya gulu. Kompyuta yofuna kuonera izipempha kuti, 'Ndilowe m'gulu.' Rauta izikumbukira khomo limene pempholo ladzera, n'kumatumiza kanema kumeneko basi. Mphunzitsi alankhule kamodzi, onse olowa m'kalasi amve."

Maso a Maluwa anawala. "Achimwene, ndilembe ineyo!"

A Benedict anamusiyira mpando. Anamuuza lamulo loyamba, lodzutsa malitikasiti mu rauta, ndipo iye analilemba mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Kenaka analemba lotsegula khomo loyamba, n'kubwereza pa lachiwiri. Pomaliza anasankha nambala ya gulu.

"Nanga kompyuta yosapempha?" anafunsa.

"Yosapempha silandira."

Maluwa anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Ndiye rauta iyi ndi yaumbombo! Kwathu mlendo sitimufunsa ngati adya. Timangobweretsa madzi osamba m'manja."

"Rauta sinaleredwe kwanu," anatero a Benedict, nawonso akuseka.

Atayesa, makompyuta a m'chipindamo anaonetsa bwinobwino. Koma kulaibulale kunali makompyuta okalamba amene pempho lawo silinkamveka. A Benedict anamuphunzitsa lamulo lina, lokakamiza rauta kutumiza kanema pakhomo ngakhale popanda wopempha. Atalilemba pa khomo lachiwiri, kulaibulale nako kunayera.

Pamenepo a Benedict anasiya kuseka. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Chemwali, Lachinayi, tsiku loonetsa kanema, ine ndidzakhala kuntchito. Zonsezi zili m'manja mwako, ndipo ndikudziwa kuti uzitha. Koma khomo lachitatu ulisiye mmene lilili. Intaneti izidutsa monga mwa masiku onse, koma kanema asadutse. Kuchipatala kuja waya wathu umalowa m'kabokosi kakale kamene sikadziwa za magulu. Chilichonse cholowamo kamachifuulira kwa makompyuta onse, ofuna ndi osafuna omwe. Kanema ndi katundu wolemera. Akalowa mmenemo, njira yonse idzadzaza, ndipo wa ku labu ndi wogawa mankhwala adzasowa podutsa. Usadzanene kuti ndi kanthawi kochepa. Usadzanene kuti palibe angadziwe. Ineyo ndinagwada kwa Asisitere kuti waya uwu ubwere kuno, ndipo sindingakagwadenso kachiwiri."

"Ndamva, achimwene. Sindidzaligwira."

3. Asidi watsika

Lachinayi Maluwa anafika pasukulu mame asanaume. Anapukuta masikirini onse ndi kansalu. Anaona rauta, n'kuionanso. Belu litalira, a Fomu 4 anadzaza zipinda zonse ziwiri, atatuatatu pa kompyuta imodzi. Ana a Fomu 1 anakwera pa njerwa kusuzumira m'mawindo.

"Tiyambe?" anafunsa a Mikaele.

"Tiyambe, sala."

Anadina batani. Dzanja lija linaoneka pa masikirini onse nthawi imodzi. Botolo linapendekera, asidi anatsika, ndipo madzi ofiirira a m'tambula anasanduka oyera mbee, mwakamodzi, m'chipinda chonse.

Phokoso lake linamveka mpaka kutchalitchi. Ena anaimba nthungululu, ena anamenya madesiki. Mnyamata wina anathamanga kuchokera kulaibulale kudzanena kuti kumeneko nako watsika. A Mikaele anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Maluwa! Maluwa! Injiniya wa kuseri kwa phiri!" anzake ankaimba.

Kanemayo anali ndi zigawo ziwiri. Gawo loyamba litatha, a Mikaele anapereka nthawi yopuma. Maluwa anatsala pa mpando wake, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Ndi pamene Abbas analowa, thukuta lili kamukamu.

"Chemwali, ndachokera kwa Chrissy."

Chrissy anali mnzake wa Maluwa wa padesiki imodzi. Anagwa pa njinga potsika chitunda, ndipo tsopano anali m'chipatala cha mishoni, mwendo uli mu chikhakha. Mayeso a sayansi ankamudikira ngati wina aliyense.

"Ali bwanji?"

"Wamva nthungululu ali pabedi. Wandifunsa kuti, 'Asidi uja watsikadi?' Ndiye ndakambirana ndi anesi, a Hannah. Avomera kuti Chrissy akhale pa kompyuta ya pa tebulo lawo. Ndamukankha kale pa njinga ya odwala, nambala ya gulu ndalemba. Kwatsala iwe."

Maluwa anapukusa mutu. "Khomo lachitatu ndi loletsedwa."

"Loletsedwa kwa anthu osadziwa. Iweyo wangotsitsa asidi amene anakanika sabata yonse. Komanso si iwe unatiuza kuti amadutsa ndi kanema mmodzi yekha? Kanema mmodzi angagwetse chipatala?"

Maluwa anayang'ana rauta. Anayang'ana malo a Chrissy pa benchi, pamene wina anali ataikapo chikwama. Kenaka anakoka mpando.

"Nditsegula pang'ono. Ngati kompyuta ya kumeneko ipempha, ilandira. Ngati sipempha, basi."

Analemba lamulo lotsegula khomo lachitatu, n'kufunsa rauta ngati yamva pempho lochokera kuchipatala. Panalibe. Anadikira, n'kufunsanso. Panalibe.

"Siikupempha," anatero. "Ndi yokalamba ngati za kulaibulale. Nditseke."

Abbas anagwira m'chiuno. "Asa! Kodi kwanu mumadikira wodwala apemphe phala? Mukapita kukazonda matenda mumaima pakhomo n'kumati, 'Yosapempha silandira'? Amayi ako atamva zimenezi angati chiyani?"

Mawu amenewo anamulasa. Kuyambira ali mwana, Maluwa ankatumidwa ndi kambale kovundikira kunyumba iliyonse kumene kunali matenda, ndipo sanamvepo mayi ake akufunsa ngati wodwalayo akufuna. Zala zake zinabwerera pa mabatani. Lamulo lokakamiza lija ankalidziwa pamtima. Analilemba pa khomo lachitatu.

Belu linalira. A Fomu 4 anabwerera, ndipo gawo lachiwiri linayamba bwinobwino.

"Tiye ukaone nkhope ya Chrissy," ananong'ona Abbas.

4. Wodi ya amayi

Anathamanga kudutsa bwalo la mpira, kudumpha ngalande, kuoloka msewu pakati pa ogulitsa nthochi ndi zitumbuwa pachipata cha chipatala. Asanalowe m'wodi ya amayi anamva kale kuseka.

Chrissy anali pa njinga ya odwala, mwendo wake woyera utaloza kutsogolo ngati mfuti. Kumbuyo kwake kunali khamu. Odwala otha kuyenda anali atasiya mabedi. Odikirira matenda anali ataima ndi mabeseni m'manja. Pa sikirini a Mikaele ankayatsa kachitsulo kopyapyala, ndipo kanayaka moto woyera wothobwa m'maso.

"Mayo ine! Chitsulo chikuyaka!" anakuwa mayi wina.

"Si mphunzitsi wa pa sekondale uyu? Walowamo bwanji mmenemu?" anafunsa wina.

"Anamuika ndi uyu," Chrissy analoza Maluwa. "Chemwa, bwera kuno ndikupsinje! Ndimaganiza kuti mwandiiwala."

"Tikuiwale iwe? Amene umatibera mapensulo tonse?"

"Ndimabwereka!"

Anakumbatirana, akuseka. Chrissy anali atapempha pepala kwa anesi ndipo ankalemba mayina a mankhwala mothamanga, lilime lili panja. Mayi wachikulire anagwira dzanja la Maluwa n'kuliyang'anitsitsa, kenaka anati, "Mwana wa ndani iwe? Makolo ako analera." Maluwa anamva ngati akuuluka.

Ndiye a Hannah analowa mothamanga. Sanayang'ane kanema. Anatsegula kabati, anatenga matumba a madzi a diripi, n'kutulukanso.

"Anesi, chavuta n'chiyani?" anafunsa Abbas.

"Makompyuta aima chipatala chonse," anayankha ali pakhomo. "Ndipo kochirira kuli mayi wa ku Mauwa akutaya magazi."

Maluwa anasiya dzanja la Chrissy.

5. Timagetsi tonse

Anatulukira m'khonde. Pa windo logawira mankhwala mzere unali utapinda mpaka pansi pa mtengo wa mango. Wogawa mankhwala ankamenyamenya kompyuta yake m'mbali ndi chikhato. Bambo wa ku labu anali ataima pakhomo pake, atavala magolovesi, akukuwa.

"Magazi a mayi ameneyu tinayeza kale kusikelo! Mtundu wake uli mu kompyuta! Ndikayamba kuyezanso ndiye titaya nthawi. Wapita ndani kukaitana Asisitere?"

"Mlonda wathamangira kunyumba ya masisitere," wina anayankha.

Pafupi ndi windo la mankhwala panali kachipinda kosungiramo makatoni. Chitseko chake chinali chotsegula, chifukwa wogawa mankhwala anali atalowamo kale n'kutuluka osadziwa chochita. Pakhoma panali kabokosi kakale kaja. Masiku onse timagetsi take tinkaphethira apa ndi apo. Tsopano tonse tinkathwanima pamodzi, mosalekeza. Pakati pa mawaya otuwa panali umodzi wabuluu, womatidwa kapepala kolembedwa kuti SUKULU.

Abbas anamupeza pomwepo. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Ndi ifeyo?" ananong'ona.

"Ndi ineyo."

"Ndiye thamanga! Pita kusukulu ukafafanize lamulo lija. Zonse zibwerera mwakale, ndipo anthu aziti ndi magetsi. Palibe angadziwe, chemwali. Waya wathu upulumuka."

Maluwa anayang'ana kunja. Pakati pa iye ndi rauta panali chipata, msewu, ngalande ndi bwalo lonse la mpira. Akafika, ayenera kudutsa m'khamu la a Fomu 4, kuchotsa wina pa mpando, n'kulemba malamulo awiri osalakwitsa. Wayawo unali pompano, poti n'kungotambasula dzanja.

"Ukaugwira pano, Asisitere adziwa kuti vuto lachokera kwathu," anatero Abbas, ataona kumene maso ake analoza. "Sadzaubwezanso. Unawamva wekha. A Fomu 3 adzakutukwana mpaka udzakwatiwe. Tiye!"

Kuchokera kochirira kunamveka mawu a a Hannah: "Magazi aja ali kuti?"

"Ndikudikira kompyuta!" anayankha bambo wa ku labu.

Abbas anamukoka dzanja. Maluwa analichotsa, n'kulowa m'kachipinda kaja.

A Sisitere Veronika anatulukira kumapeto kwa khonde, akuyenda mofulumira kuposa masiku onse, mlonda akuwatsatira pambuyo. Asanafike pakati, wogawa mankhwala anakuwa kuti, "Yadzuka!" Bambo wa ku labu anathamangira mkati, ndipo posakhalitsa anatuluka ndi thumba la magazi, kulunjika kochirira. Mzere wa pansi pa mango unayamba kusuntha.

M'wodi ya amayi kuseka kunatha. Kunangomveka mawu a Chrissy akuitana: "Chemwa! Chithunzi chazima! Chemwa, uli kuti?"

Asisitere anaima pakhomo pa kachipinda. Timagetsi ta pa kabokosi tinali titabwerera kuphethira apa ndi apo, koma bowo limodzi linali lopanda kanthu.

"Ine ndangofika kumene," anatero, mawu ali pansipansi. "Wazula ndani waya wa sukulu?"

Amene anazula anali Maluwa, ndipo wayawo unali udakali m'manja mwake.